Musanasamukire ku Mandala kapena ku Sunnyside, yambani mwasuzumira kudenga

Nyumba imene tikukhalamo ku Mandala tinakaiona mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, maluwa a jakaranda atayoyokera mumsewu ngati wina wayala chitenje. Mayi a kunyumba anaima pakhonde n'kuona kapinga, mitengo iwiri ya mapeyala ndi mango a boloma kuseri, basi mtima wawo unathera pomwepo. Ine ndinali kuwerengera mphindi zoyenda wapansi kuchoka pageti kukafika kuntchito m'tauni. Ejenti anatizunguliritsa mothamanga, kutsegula chitseko ichi, kutseka icho, pakamwa posapuma. Panalibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anakweza maso kuyang'ana siling'i. Mvula yoyamba itagwa mu Novembala, tinagona titatchera mabeseni anayi ndi poto wophikira nyemba m'chipinda cha ana.

Ine ndinakulira ku Ndirande, ndipo ku Mandala tinkangodutsako popita ku chipatala chachikulu cha Gulupu kukaona odwala, tikusuzumira m'mageti n'kumadzifunsa kuti kodi anthu a m'menemo amadya chiyani. Tsono zimene ndikulembazi si za mabwana ogula nyumba n'kuigumula kuti amange ina. Ndikulembera munthu wapamalipiro ngati ine, amene wapeza mwayi wa nyumba yakale kumayadi a pafupi ndi tauni, mwina chifukwa kuntchito akumuthandiza lendi, mwina agawana nyumbayo ndi banja lina, mwinanso wangopeza boyizi kota yokonzedwa bwino. Lendi imene mwauzidwayo ndi chiyambi chabe cha mtengo wa nyumbayo. Zina zonse nyumba yakale imakuuzani yokha, pang'onopang'ono, nthawi zambiri usiku.

Nyumbazi anamangira anthu ena

Kuti mumvetse nyumba za kuno, dziwani amene anazimangira. Blantyre anayamba mu 1876 ndi amishoni a Church of Scotland. Patangopita zaka zochepa kunabwera amalonda a kampani ya African Lakes, motsogozedwa ndi John Moir ndi m'bale wake Frederick. Anthu anamutcha John uja Mandala chifukwa cha magalasi a m'maso amene ankavala, dzinalo n'kumatirira kampani, masitolo ake ndi dera lonseli. Nyumba yosanja ya Mandala House anaimanga mu 1882 ndipo ikadalipo mpaka lero, muli malo oonetsera zojambula, pomwera khofi ndi laibulale ya Society of Malawi. Mukasamukira kuno pitani tsiku lina Loweruka mukaone makoma ake ndi khonde lozungulira. Si kungocheza ayi, mukaphunzirako mmene nyumba yakale imapumira.

Nyumba zambiri zogonamo ku Mandala, Sunnyside ndi Namiwawa si zakale chotero, koma zinamangidwa ndi maganizo omwewo, nthawi ya atsamunda kapena zaka zoyambirira za ufulu. Anamangira banja laling'ono lokhala ndi khukhi, wosamalira maluwa, wochapa ndi mlonda. N'chifukwa chake bwalo ndi lalikulu ngati munda, khitchini ili kutali ndi pabalaza, zipinda zogona ndi zitatu zokha pomwe khonde likhoza kukhala anthu a chinkhoswe chonse, ndipo kuseri kuli boyizi kota. Inu mukulowamo ndi ana anayi, mlamu wanu amene akufuna ntchito, ndi malipiro amodzi ndi theka. Ntchito imene ankagwira anthu anayi aja siinachoke limodzi ndi azungu. Ikukudikirani.

Tsiku lokaona nyumba

Ngati n'kotheka, kaoneni nyumba mu Januwale kapena Febuluwale, mvula ili pakati. Nyumba iliyonse ndi yokongola mu Okutobala. Ngati simungadikire, tengani tochi, sikuludiraiva ndi munthu wodziwa za matabwa, ndipo muuzeni ejenti kuti mutenga maola awiri. Akayamba zoti pali wina akubwera ndi ndalama masana ano, musiyeni adikire wakeyo.

Yambani ndi siling'i. Mabala achikasu ozungulira ngati mapu ndiwo mbiri ya denga. Siling'i yopakidwa penti watsopano m'chipinda chimodzi chokha, zina zonse zili zakale, ikubisa nkhani. Pezani kabowo kolowera kudenga, kawirikawiri kamakhala m'kholido kapena kubafa, mukwere pa makwerero. Muzimitse tochi kaye: paliponse pamene pakulowa kuwala, mvula idzalowanso pomwepo. Kenaka yatsani, mubaye matabwa ndi sikuludiraiva. Thabwa labwino limakana. Lodyedwa ndi chiswe limaoneka bwinobwino kunja koma chitsulo chimangolowa ngati mu mbatata yophika. Kwathu kalipentala anapeza matabwa atatu otero pamwamba penipeni pa bedi la ana, ndipo tsiku limenelo sindinadye nsima. Mvetseraninso fungo. Kukanunkha mkodzo wowawasa ndipo pansi pali timibulu takuda ngati mpunga wopserera, ndiye kuti muli mileme. Kuichotsa n'kotheka, koma kumafuna kutseka timabowo tonse madzulo itatuluka, osati kuithira mankhwala ili momwemo, chifukwa ikafera m'siling'i mudzasamuka nokha.

Onaninso chimene anafolerera. Nyumba zina za zaka zimenezo, makamaka magalaja ndi maboyizi kota, anafolera ndi asibesitosi, malata otuwa okhuthala aja. Akakhala osasweka sapweteka munthu, koma fumbi lake ndi loopsa m'mapapo. Musalole mmisiri kuwaboola, kuwacheka kapena kuwakwecha ndi bulashi ya waya, ndipo zidutswa zake ana asaseweretse.

Tsikani muone makoma. Pitani kuseri kwa mawadirobu ndi m'munsi mwa mawindo. Penti wotupa ngati matuza, kapena ufa woyera m'munsi mwa khoma, ndi chinyezi chochokera pansi. Apa pali msampha umene ambiri timagweramo. Makoma ena akale kwambiri anamangidwa ndi njerwa zolumikiza ndi dothi kapena laimu, ndipo amatulutsa chinyezi okha kukacha. Wina akawamata pulasitala wa simenti yolimba n'kupaka penti wa mafuta, chinyezi chimasowa potulukira, chimakwera m'mwamba n'kuyamba kufumbutsa njerwa mkati. Mmisiri akakuuzani kuti tingomata simenti yambiri zitheka, funsani wina. Kawirikawiri mankhwala ake ndi otsika mtengo: kuchotsa dothi ndi maluwa amene aunjikana m'mbali mwa khoma, ndi kukonza ngalande kuti madzi a padenga azipita kutali ndi maziko.

Pomaliza tsegulani mipopi yonse nthawi imodzi, mugujumule chimbudzi, muone ngati shawa ikutulutsabe madzi. Mapaipi akale achitsulo amachita dzimbiri mkati mpaka njira ya madzi kutsala ngati udzu womwera thobwa. Madzi oyamba akatuluka ofiira, mwaona kale. Funsani ngati nyumbayo ili pa suweji ya mzinda kapena ili ndi sepitiki thanki yakeyake, ndipo ngati ili nayo akuonetseni pamene ili ndi tsiku limene anapopa komaliza. Ku bokosi la magetsi, mukapeza mafiyuzi akale a kawaya m'malo mwa maswitchi odzigwetsa okha, itanani mmisiri wa zamagetsi wokhala ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ayeze nyumba yonse musanalowetse firiji. Mawaya a nthawi imeneyo anaikira mababu, wailesi ndi ayironi imodzi. Sanaikire kuka, giza, mayikulowevu ndi ketulo zoyaka pamodzi m'mawa wa Lolemba.

Pepala la mgwirizano

Zonse mwapezazo zilembedwe, ndi zithunzi zomwe, musanapereke tambala. Eni nyumba ambiri kuno amafuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi, kuwonjezapo dipoziti, ndipo ejenti nayenso amafuna yake. Pepala linene poyera kuti denga, mapaipi a pansi, mawaya a m'khoma, mpanda ndi chiswe ndi za mwini nyumba, inu zanu ndi mababu, maloko, magalasi amene mwaswa ndi kapinga. Linenenso kuti mukakonza chinthu cha mwini nyumba ndi ndalama zanu, mutamudziwitsa, mudzadula pa lendi. Ife chiganizo chimenechi tinachiiwala. Mayi eni nyumba yathu amakhala kunja, ndi munthu wabwino ndithu, koma ndalama ya matabwa atatu aja tinakambirana miyezi isanu ndi umodzi pa WhatsApp, iwo akuti ndifunse achimwene awo, achimwene awo akuti ndifunse iwo.

Ma city rate, msonkho wa khonsolo ya mzinda, amalipira ndi mwini nyumba. Onetsetsani kuti pepala likutero, ndipo pemphani kuona lisiti yomaliza. Chimodzimodzi ngongole za madzi ndi magetsi za amene anatuluka: zithe inu musanalowe.

Chenjerani ndi lendi yotchulidwa m'madola. Kumayadi akale ena amatero chifukwa anazolowera kubwereketsa mabungwe ndi azungu. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anasaina za madola anadzuka m'mawa lendi itakwera iwo ali mtulo, malipiro ali pomwe paja. Sainani m'makwacha, ndipo mugwirizane kuti kukweza ndi kamodzi pachaka, atakuchenjezani miyezi ingapo.

Ngati mukuganiza zogula, nkhani yake ndi yaitali ndipo imafuna loya, koma ziwiri ndinene. Choyamba, kafufuzeni ku ofesi ya za malo kuti title deed, chikalata cha umwini wa malowo, ili m'dzina la ndani, ngati nyumbayo siinaikidwe chikole kubanki, ndipo ngati ndi ya lizi ya zaka 99, zatsala zingati. Lizi imene inayamba m'ma 1950 yadya kale zaka zoposa 60. Chachiwiri, nyumba zambiri zakale kuno ndi chuma cha masiye. Anagula ndi bambo amene anali mkulu m'boma kapena m'kampani nthawi ya Kamuzu, anamwalira, ana ali asanu ndi awiri, atatu ali kunja, ndipo amene akukugulitsaniyo ndi mmodzi chabe. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limafuna kuti pakhale munthu wopatsidwa mphamvu ndi khoti zoyendetsera chumacho. Popanda kalata imeneyo, mwagula mlandu wa banja la eni.

Madzi ndi magetsi

Anthu a kwathu ku Ndirande amaganiza kuti kumayadi mpopi suuma. Umauma. Madzi ambiri a mu Blantyre amachokera mu Shire, pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amachita kuwapopa kukwera mamita pafupifupi 800 kuti afike mumzinda wa pamapiriwu. Damu la Mudi ndi madzi a ku Likhubula ku Mulanje amangothandizira. Tsono mapampu amenewo amadya magetsi, ndipo magetsi athu ambiri amachokeranso mu Shire momwemo, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mtsinje ukadzaza matope ndi zinyalala nthawi ya mvula, zonse ziwiri zimavutikira pamodzi. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo mdima sunasankhe kuti uku ndi ku Sunnyside, uku ndi ku Mbayani.

Choncho thanki ya madzi ndiyo katundu woyamba kugula, sofa idikire. Ife tili ndi ya malita 2,000 ndipo imatisunga masiku atatu tikamasamala. Ikani thanki pamwamba, pa nsanja yachitsulo, kuti madzi azitsika okha. Thanki yapansi yodalira pampu yamagetsi imakusiyani pa tsiku lomwe mukuifunitsitsa. Za magetsi, musathamangire jenereta: phokoso lake m'dera lachete ngati lino limamveka mpaka nyumba yachitatu, ndipo mafuta ake ndi omwe aja a pamzere. Inveta yaing'ono ndi batire, kapena sola ya mababu, firiji ndi mafoni, zimakwanira. Kuphika, silinda ya gasi. Giza muziyatsa ola limodzi m'mawa n'kuzimitsa, apo ayi mayunitsi amene munkatha nawo mwezi ku Chilomoni adzatha pa sabata imodzi ndi theka.

Kapinga uja anakopa mayi a kunyumba amamwa madzi kuposa banja lonse. Chaka choyamba tinkathirira m'chilimwe, bilu itabwera tinasiya. Msiyeni aume mu Seputembala, sanafe, mvula ikagwa amadzuka yekha. Theka la bwalo lakuseri tinalisandutsa dimba la mpiru, chinese, tomato ndi chimanga chachiwisi, timathirira ndi madzi otsukira mbale ndi ochapira.

Madala a kuboyizi kota

Nyumba zina mumazipeza ndi munthu wake. Ife tinapeza bambo wina wachikulire wa ku Thyolo, amene wakhala akusamala bwaloli kwa eni ake atatu otsatizana. Ejenti anatinong'oneza kuti tikhoza kuwachotsa n'kubwereketsa kotayo. Tinatsala pang'ono kutero.

Usiku wina mu Julayi paipi inaphulika pansi pa sinki, madzi n'kuyamba kuyenda m'kholido kulunjika pabalaza pamene pansi pake anayalapo matabwa. Ine ndinali kuthamanga ndi tochi kufuna potsekera, osapapeza. Madala anatulukira atafunda bulangete, khasu lili m'manja.

"Bwana, musavutike. Bweretsani tochiyo kuno."

Anapita molunjika pansi pa mtengo wa mandimu, anakumba kanayi, n'kutulukira kachitsulo kadzimbiri. Anapotokola, madzi n'kusiya.

"Madala, mwadziwa bwanji kuti pali pamenepa?"

"Ndinakwirira ndine, bwana. Ana a mzungu uja ankaseweretsa."

Palibe pepala lililonse la nyumba ino limene likusonyeza vavu imeneyo. Madala amadziwa kumene mapaipi adutsa, nthambi ya jakaranda imene imagwa kukachita mphepo, mzere wa chiswe umene umabwera chaka chilichonse kuchokera kuchulu cha kuseri kwa mpanda, ndi mlonda wa nyumba iti amene ali wokhulupirika. Mukapeza munthu wotere, khalani naye pansi sabata yoyamba, muyende naye bwalo lonse, mulembe zimene akunena. Mumvane poyera kuti amalipira ndani, inu kapena mwini nyumba, chifukwa anthu ambiri otere amagwera pakati, aliyense akuti ndi wa mnzake. Malipiro asatsike pa mlingo umene boma linakhazikitsa, tsiku lopuma likhalepo, tchuthi chapachaka chikhalepo, ndipo lembani m'kabuku mwezi ndi mwezi, asainire. Zoti bwana zija ndinayesa kuwaletsa, ndinalephera. Ine ndimawaitana madala, ana amati agogo, ndipo mapeyala akapsa oyamba kusankha ndi iwo.

Chitetezo

Chete amene mukumufunayo ndi yemweyo amene akuba amamukonda. Ku Ndirande ukakuwa kuti wakuba, anthu makumi asanu amatuluka ndi zibonga usanamalize. Kuno ukakuwa amayankha ndi agalu. Mabwalo ndi aakulu, mipanda ndi yaitali, ndipo nyumba zambiri zoyandikana nanu zinasanduka maofesi a mabungwe, makiliniki ndi masukulu a mkaka, moti ikakwana 5 koloko madzulo msewu wonse umatsala ndi alonda okhaokha.

Zofunika ndi zodziwika: zitsulo m'mawindo onse, ndi la kubafa lomwe, chitseko chachitsulo cholekanitsa zipinda zogona ndi nyumba yonse, mababu a sola panja, galu, ndi batani la alamu la kampani ya chitetezo ngati thumba likulola. Dulirani nthambi zimene zadutsa pamwamba pa mpanda, ndi makwerero a mbala. Lowani m'gulu la pa WhatsApp la msewu wanu ndipo muzisonkha ya neighbourhood watch ngakhale mukuona ngati sakugwira ntchito. Koma chimene chatithandiza koposa n'chotsika mtengo: kudziwana ndi alonda a mumsewu. Apatseni moni, dziwani kwawo, mu Juni chiperoni chikagwa atumizireni tiyi wotentha. Iwowo ndiwo anansi anu enieni usiku. Tsiku lina mwana wathu atatsika minibasi mochedwa, mlonda wa pa ofesi ina anamuperekeza mpaka pageti osapemphedwa ndi munthu.

Mphindi zoopsa kwambiri ndi zimene mwaima pageti ndi galimoto usiku kudikira kuti akutsegulireni. Imbani foni mukadali panjira.

Kuyandikira tauni: phindu lake ndi msonkho wake

Apa ndiye pamene ndalama zanu zimabwerera. Ine ndimatsetsereka, kuoloka Mudi, n'kukwera kulowa m'tauni, ndipo pasanathe theka la ola ndili pa desiki, ndisanatuluke thukuta lambiri. Anzanga a ku Machinjiri ndi ku Chileka amadzuka mdima kuthawa mzere wa magalimoto. Nthawi ya mizere ya mafuta mu 2022 ndi 2024, galimoto yathu inkakhala sabata yathunthu osalizidwa. Mabanki a mu Victoria Avenue, msika waukulu wa Blantyre, Ginnery Corner, Chichiri, zonse zili pafupi. Mudi yekha ndiye amanunkha m'chilimwe, mumadutsa mutagwira mpweya. Ndipo mvula ikagwa yamphamvu musayese njira zachidule za m'mbali mwa mtsinje, zungulirani pa mlatho waukulu. Amene tinaona madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 sitichitanso masewera ndi timitsinje ta mumzinda uno.

Minibasi sizilowa m'misewu ya mkati mwa mayadi. Amene alibe galimoto ayende kukafika pa siteji, kapena asunge nambala za akabaza awiri odalirika, okhala ndi chipewa chachiwiri. Alendo anu auzeni zimenezi asananyamuke.

Okala ya pakona kulibe. Mchere ukatha 8 koloko usiku, watha, ndipo simungatume mwana kukapempha kwa aneba kuseri kwa geti lamagetsi. Phunzirani kugula zambiri pakamodzi: thumba la chimanga kukagayitsa ku Ndirande kapena ku Zingwangwa, nyemba, mafuta, sopo. Masitolo a pafupi ndi a anthu a ndalama zawo. Ndiwo zamasamba, kupatula za m'dimba, timagula kwa amayi a madengu amene amayenda m'mageti m'mawa, ena amachokera nazo ku Bvumbwe. Mtengo woyamba amene angakutchulireni ndi wa geti, osati wa kabichi. Nenererani mwaulemu m'Chichewa chakumudzi, sabata yachitatu mudzakhala kasitomala, basera azikuikirani okha.

Msonkho wina palibe amene anandichenjeza. Kukhala pafupi ndi Gulupu ndiye kuti nyumba yanu ndi chigono cha mudzi wonse. Aliyense wa kwanu ndi wa kwa akazi anu amene watumizidwa ku chipatala chachikulu, kaya kuchokera ku Mwanza kaya ku Nsanje, adzafikira kwa inu, iye ndi womudikirira. Sindikudandaula, ndi abale, ndipo ifenso tinagonapo pa mphasa za anthu. Koma konzekerani: matiresi awiri apadera, fulasiki yaikulu ya phala, kontena ya nsima, ndi kumvana ndi akunyumba kuti mlendo wa chipatala ndi wa masiku angati. Chaka chatha tinasunga azakhali miyezi iwiri. Dziwaninso kuti adiresi yokha imakukwezerani mitengo ya zopempha. Mukangoti ndikukhala ku Mandala, fizi ya mwana wa msuweni wanu yapeza mwini. Kulongosola kuti mukuchita lendi ndipo denga likudontha sikuthandiza, amangoseka. Walira mvula walira matope.

Anansi

Sabata yoyamba gogodani pa mageti a nyumba zimene mukukhaladi anthu, mudzidziwitse. Tengani mapeyala m'jumbo, kuno ndiwo chiphaso. Ena adzakulandirani pakhonde, ena adzatuma wantchito kudzalandira, musakhumudwe. Ife sitinachite zimenezi msanga, ndipo bambo wa nyumba yachiwiri atamwalira tinadziwira magalimoto oimikidwa mumsewu. Kuno kulibe amfumu kapena wapampando wa buloko woyenda kulengeza zovuta m'bandakucha. Tinapita ndithu kukakhala nawo pa siwa, koma mlonda pageti anatifunsa kuti ndife ndani, ife tikukhala mamita ochepa kuchokera pamenepo chaka chathunthu. Manyazi ake sindinawaiwale. Pa chifukwa chomwecho, musachoke mu mlaga kapena mphakati wanu wakale musanazike mizu mu watsopano. Tsiku la zovuta zanu odzasenza nkhuni ndi kuphika adzachokera kumeneko.

Musanasaine, bweraninso Loweruka masana ndi madzulo mudzamvetsere. Mabwalo ena akuluakulu kuno anasanduka malo a maukwati ndi ma bridal shower, ndipo zimkuzamawu zimayamba 1 koloko mpaka mdima, pelekanipelekani yense mukumumva muli kuchipinda. Kusintha nyumba yogonamo kukhala malo a bizinesi kumafuna chilolezo cha khonsolo, ndipo anthu a mumsewu mukalemba kalata limodzi mumamveka kusiyana ndi munthu mmodzi wokalipa pageti. Inunso mukafuna kumanga kanyumba kena kuseri kapena kugwetsa mtengo waukulu, yambani mwafunsa mwini nyumba ndi khonsolo.

Ntchito za pachaka

Nyumba yakale imayendera nyengo ngati munda. Mu Seputembala ndi Okutobala, mvula isanabwere, munthu akwere padenga: kuchotsa masamba a jakaranda m'ngalande, kukhomerera misomali imene yadzuka, kumata mabowo, kudulira nthambi zogona pa malata ndi pa mawaya. Masamba a jakaranda ndi ang'onoang'ono kwambiri, amatseka ngalande mwakachetechete, madzi n'kubwerera kulowa m'siling'i. Kudontha kwathu koyamba kuja theka lake kunali kumeneku. Mvula yoyamba ikagwa ndipo ngumbi zayamba kuuluka, onani kumene zikutulukira. Zikatuluka m'munsi mwa khoma kapena m'mafelemu a zitseko, chiswe chili m'nyumba, itanani opopera sabata yomweyo. Mu Epulo mvula ikatha, tsegulani mawindo ndi mawadirobu onse, tulutsani masuti ndi nsapato padzuwa, nkhungu imakonda zikopa.

Mu Meyi konzani chumuni. Nyumba zambiri za kuno zili ndi malo osonkhapo moto pabalaza, ndipo mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikakuta Soche ndi Ndirande osaoneka, makoma okhuthalawa amazizira ngati m'botolo. Chaka choyamba ndinasonkha moto osayang'ana m'mwamba, utsi unadzaza nyumba yonse, ana akutsokomola, mayi a kunyumba akutsegula mawindo amene tinkafuna kutseka. Madala anabwera ndi nsungwi yaitali atamangirira chiguduli kunsonga, anakwera padenga, n'kugwetsa chisa cha akhwangwala chodzaza ndowa, muli mawaya, timitengo ndi supuni yathu imene inasowa mu Malichi. Yambani mwayatsa nyuzipepala imodzi yokha muone ngati utsi ukukwera. Nkhuni zake ndi nthambi zomwe munadulira mu Okutobala zija, zikhala zitauma. Mbaula ya makala yokha musalowetse m'nyumba yotseka mawindo, ngakhale kuzizire chotani.